MAFUTA A FUNGO: CUMA CIMENE CITHAWA NDI MPHEPO

Wolemba Mtolankhani Wathu, Kabwe

KUCOKERA pamene Boma linalengeza mu December 2019 kuti lidzalola kulima camba ca mankhwala ndi cogulitsa kunja, nkhani ya mbeu imeneyi siinacoke pakamwa pa anthu. M'mabasi a pakati pa Kabwe ndi Lusaka, pa msika, ngakhale pansi pa mkuyu waukulu uja wa pakati pa tauni, mumva anthu alikuwerengera ndalama zimene sanazigwire. Ena anena kuti ku maiko a kutsidya kwa nyanja amagula ngakhale fungo lokha la camba, lotsekeredwa m'timabotolo. Omva amaseka, nayesa kuti ndi nkhani ya pa mowa.

Si nkhani ya pa mowa ai. Fungo la camba limagwidwadi, limasungidwa, ndipo limagulitsidwa. Koma cimene okamba aja sadziwa ndi cakuti fungo lomwelo, kapena abale ace, liri m'masamba a bulugamu, m'makoko a malalanje, mu mpungabwi wa kuseri kwa nkhokwe, ndi mu udzu wa mandimu umene amai amathira mu tiyi. Luso lolicotsera m'masamba ndi limodzi. Kusiyana kwace nkwakuti mbeu zinazi munthu angazilime masana, mfumu ndi apolisi alikuona.

LAMULO LIKUTI CIANI?

Tiyambe ndi lamulo, kuti wina asadzanene m'bwalo la milandu kuti anatumidwa ndi nyuzipepala. Mu May 2021 Pulezidenti wa nthawi imeneyo, a Edgar Lungu, anasaina malamulo atatu. Lochedwa Cannabis Act liyang'anira camba ca mankhwala ndi ca kafukufuku. Lochedwa Industrial Hemp Act liyang'anira mtundu wa camba umene suledzeretsa, wolimidwa cifukwa ca luzi, njere ndi mafuta ace. Mu mtundu umenewu mankhwala oledzeretsa, amene akatswiri amawachula THC, sayenera kupyola 0.3 peresenti. Lacitatu ndi lija la mankhwala osokoneza bongo, limene bungwe la Drug Enforcement Commission ligwirira nchito.

Malamulo awiri oyambawo sanatsegule citseko kwa munthu ali yense. Wolima, wosunga kapena wophika camba wopanda ciphaso ca Boma ali wolakwa lero monga analiri kale, ndipo sangapulumuke ponena kuti iye anali kufuna fungo lokha. Anthu a ku Kabwe adziwa bwino kumene njira yotere ithera, pakuti ndende ya Mukobeko iri pakhomo pao.

Anansi athu a ku Malawi anakhazikitsa lamulo lao mu 2020, atayesa mbeuyi kwa zaka zingapo pa malo a kafukufuku a Chitedze pafupi ndi Lilongwe. Mitengo ya ziphaso itaturuka, ciphaso ca camba ca mankhwala cinali madola 10,000 a ku America, ndipo ca mtundu wosaledzeretsa cinali madola 2,000. Alimi ang'ono-ang'ono ambiri amene anabvina tsiku la lamulo anakhala cete ataona mitengoyo. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

KODI FUNGO NCIANI?

Munthu akafikisa tsamba la bulugamu pakati pa zala nalinunkhiza, cimene cilowa m'mphuno mwace ndi mafuta opepuka kwambiri, amene amasanduka mpweya msanga. Ambiri mwa mafuta otere ali a banja limodzi, ndipo a sayansi amawachula materpene. Dzinali linacokera ku turpentine, mafuta a utomoni wa mitengo ya paini amene opaka utoto amasungunulira penti ndi kutsukira maburashi ao. Munthu amene anathandiza kwambiri kulongosola banja limeneli ndi Otto Wallach wa ku Germany, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1910 cifukwa ca nchitoyo.

Mbeu siipanga mafutawa kuti ikondweretse ife. Ena amapitikitsa tizirombo toidya, ena amaitana njuci, ena amaletsa nkhungu kumera pa tsamba. Agogo athu amene anali kupacika mpungabwi pa khomo kapena kuufukiza madzulo kuti udzudzu uthawe anali kugwiritsa nchito materpene, ngakhale dzinali sanalimvepo. M'zaka za 2020 ndi 2021, pamene matenda a Covid-19 anabvuta, anthu anapulula masamba a bulugamu m'matauni mwathu nafunda bulangete pa mphika wowira. Nthunziyo inatsegula mphuno, cifukwa ca mafuta ochedwa cineole amene ali m'masambamo, koma kacirombo ka matendawo siinakaphe.

Pa camba, mafutawa amapangidwa mu timaubweya ting'ono-ting'ono tomata, timene tikhala tambiri pa maluwa a mbeu yaikazi. Akatswiri apezamo mitundu ya materpene yoposa 100. Koma tikachula ikulu-ikulu, tipeza kuti yonse ndi alendo odziwika kale. Limonene ndi yemwe uja wa m'khoko la lalanje. Pinene ndi wa mu paini. Myrcene ali mu udzu wa mandimu ndi m'maluwa ochedwa hops amene amawawitsa mowa wa m'mabotolo. Caryophyllene ali mu tsabola wakuda wa m'sitolo. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa awa amene aledzeretsa. Woledzeretsa ndi THC, amene anadziwika bwino mu 1964 ndi nchito ya Raphael Mechoulam ndi Yechiel Gaoni ku Israel.

Nanga ogula afuniranji fungo? Mafakitale opanga mankhwala a camba amayenga utomoni wace ndi moto, ndipo poyengapo fungo lonse limathawa. Conco amayamba agwira fungolo, naliika pambali, kuti adzalibwezere mu mankhwala nchito ikatha. Ena amalithira mu sopo, m'mafuta odzola ndi m'zakumwa. Alipo amene anena kuti materpene amaonjeza mphamvu ya mankhwala a camba, koma akatswiri akali kutsutsana pa mfundo imeneyi, ndipo amene aikamba mokweza koposa ndi ogulitsa. Cina coti mudziwe ndi ici: mabotolo ambiri ogulitsidwa ku America ndi ku Ulaya monga fungo la camba alibe camba ndi pang'ono pomwe. Amasakaniza materpene ocokera ku malalanje, paini ndi mbeu zina, cifukwa ndi ochipa.

Bvuto lalikulu la mafutawa ndi kuthawa. Mu 1996 akatswiri a pa University of Mississippi ku America anayesa maluwa a camba aawisi, nayesanso ena ataumitsidwa ndi kusungidwa. Anapeza kuti patatha miyezi itatu mafuta a fungo oposa theka anali atapita. Mlimi wa fodya wa ku Chipata sangadabwe nazo. Adziwa kuti tsamba losamalidwa moipa limataya kununkhira, mtengo nugwa. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Nzeru yonse ya nchito imeneyi iri pa kulanda mphepo cakudya cace.

MPHIKA, PAIPI NDI MADZI OZIZIRA

Njira yakale koposa, imene iri yofala kufikira lero pa dziko lonse, ndi ya nthunzi. Owerenga athu a kumidzi sadzabvutika kuimvetsa, pakuti ifanana ndi ciwiya cija cimene ticite ngati sitinacionepo, cophikira kacasu: mphika wotsekedwa bwino, paipi yoturuka pamwamba, mwaco wa madzi ozizira umene paipiyo ipitamo, ndi botolo lolandirira kumapeto. Asing'anga a ku Persia ndi ku Arabia anali kuphika maluwa a rozi mwa njira yotere zaka pafupi-fupi 1,000 zapitazo.

Kusiyana kwace kuli mkati mwa mphika. Pansi pakhala madzi. Pamwamba pa madziwo aikapo sefa ya citsulo, ndipo masamba amasanjikidwa pa sefayo kuti asakhudze madzi kapena pansi pa mphika, pamene angapserere. Madzi akawira, nthunzi imakwera kupyola m'masamba, niphulitsa timatumba ta mafuta, ninyamula mafutawo kulowa nawo m'paipi. Ikafika pozizira imasanduka madzi, ndipo m'botolo mumagwa zinthu ziwiri: madzi onunkhira pansi, ndi mafuta oyandama pamwamba, opyapyala ngati mafuta a pa msuzi wa nkhuku.

Pali cinsinsi pamenepa cimene ciyenera kufotokozedwa. Pinene payekha amawira pa madigiri 155, limonene pa madigiri 176. Mukati muwaturutse ndi moto wokha, tsamba lidzapsa ndipo fungo lidzakhala la cikanga. Koma akakhala pamodzi ndi nthunzi amanyamuka madzi asanapyole madigiri 100. Kuno ku Kabwe, kumene kuli pamtunda wa mamita pafupi-fupi 1,200, madzi amawira pa madigiri 96, ndiye kuti dziko lathu lenileni litithandiza pang'ono. Zinthu zolemera, monga utomoni wa THC mu camba, pafupi-fupi zonse zimatsala mumphika. Ndi cifukwa cace mafakitale amakonda njirayi polekanitsa fungo ndi mankhwala.

Mafuta saturuka onse pamodzi. Opepuka, onunkhira ngati zipatso ndi paini, ndiwo amatsogola. Olemera, onunkhira ngati mtengo wouma kapena tsabola, amadza pambuyo. Wophika amene azima moto msanga ataya olemerawo, ndipo amene aukokera tsiku lonse angotha nkhuni. Pa udzu wa mandimu maora awiri kapena atatu amakwanira. Wodziwa nchito amasintha botolo pakati pa kuphika ngati afuna kulekanitsa oyamba ndi otsiriza.

Zolakwa za oyamba kumene zimakhala zing'ono-zing'ono, koma zimadya phindu lonse. Masamba akaikidwa mosalingana, nthunzi imadzipezera njira ya cidule monga madzi a mvula m'munda wopanda mizere, ndipo masamba a m'mbali amatsala ndi mafuta ao. Ayenera kudulidwa-dulidwa ndi kutsinderedwa mofanana, makamaka m'mphepete mwa mphika. Cotsekera cikamadontha nthunzi, ndalama zirikuturukira pomwepo. Mukamva nyumba yonse ikununkhira bwino, dziwani kuti zinthu sizirikuyenda bwino. Madzi a mu mwaco akatentha ayenera kusinthidwa, ndipo codontha m'botolo cizikhala cozizira pocikhudza. Udzu wodulidwa m'mawa ungafote tsiku limodzi pamthunzi kuti ulowe wambiri mumphika, koma kuuyanika padzuwa ngati cimanga ndi kuupereka kwa mphepo.

Ciwiya cabwino ndi ca citsulo cosacita dzimbiri, kapena ca mkuwa, umene dziko lathu liri nao. Mgolo umene munali mankhwala a thonje kapena mafuta a galimoto suyenera, ngakhale utsukidwe kasanu. Paipi isalumikizidwe ndi mtobvu wosungunula, ndipo isatsekeke konse, cifukwa mphika wotsekeka pamoto umaphulika.

Tsono musayembekezere migolo ya mafuta. Makilogiramu 100 a udzu wa mandimu wauwisi amapereka mafuta osafika theka la lita nthawi zambiri, ndiye kuti botolo laling'ono la zakumwa zoziziritsa kukhosi, kapena kupyola pang'ono. Camba ndiye coumira kuposa apa. Ku Switzerland, mu 1997, akatswiri oyesa mtundu wosaledzeretsa uja anapeza malita 1.3 okha pa tani yathunthu ya mbeu yaiwisi. Amene awerengera cuma ca fungo la camba m'basi ayambe aganiza za ngolo zingati zimene zilowa m'botolo limodzi.

ZA M'MAFAKITALE

Njira zina ndi za anthu a makina ndi magetsi osazima-zima, ndipo tizichula mwacidule. Ina ndi yopopa mpweya kuucotsa mu ciwiya cotsekedwa. Mpweya ukacepa, mafuta amawira pa moto wocepa kwambiri, wonga wa madzi osamba, ndipo fungo silipsa. Nthunzi yace amaikola m'botolo lozizidwa kufikira madigiri 78 kunsi kwa ziro. Mwa njira yomweyi angathe kupatula terpene mmodzi-mmodzi monga mwa kuwira kwace. Ina ndi yogwiritsa nchito mpweya wa carbon dioxide, uja wa thobvu la m'zakumwa. Ukapanikizidwa koposa ka 70 kuyerekeza ndi mpweya umene tipuma, pa madigiri opyola 31, umasungunula mafuta ngati madzi. Akaumasula umauluka, mafuta natsala oyera. Alimi ena a ziphaso kunjako amaika maluwa mu furiji ya cisanu tsiku lomwelo lokolola, kuti fungo lisapeze mpata wothawa.

Makoko a malalanje ndi mandimu safuna moto konse. Amangowakanda ndi kuwafinya, mafuta napatulidwa ndi makina ozungulira. Mwana ali yense amene anafinyirapo mnzace khoko la lalanje m'diso anacita kale nchito imeneyi.

Iripo njira yina imene tiichula pongocenjeza: ya kusungunula utomoni ndi gasi wa m'zitini kapena mafuta oyaka. Ku America yatentha nyumba ndi kupundula anthu ambiri amene anaiyesa mobisa. Wina akadza nayo pamudzi panu ndi malonjezo, mkanizeni.

KUSUNGA NDIKO KUBVUTA

Kuturutsa mafuta ndi theka la nchito. Adani ace ndi kutentha, kuwala, mpweya ndi madzi, ndipo onsewa tiri nao ocuruka m'mwezi wa October.

Coyamba, mafuta apatulidwe bwino ndi madzi. Alekeni akhazikike usiku wonse, ndipo dontho liri lonse lotsala pansi licotsedwe, cifukwa madzi amawacititsa mtambo ndi kuwasasitsa. Madzi onunkhira aja musataye. Ali ndi nchito yotsukira m'nyumba ndi kuthira mu sopo, koma iwo amabvunda msanga ngati madzi ena onse.

Botolo likhale la galasi lakuda kapena lofiirira, longa la mankhwala a cifuwa. Pulasitiki siyenera. Limonene ndi abale ace amafewetsa mapulasitiki ambiri, ndipo fungo limapyola m'zipupa zace pang'ono-pang'ono. Cotsekera ca mphira naco cimafufuma. Botolo lidzazidwe kufikira m'khosi, cifukwa mpweya wotsala pamwamba ndiwo umadya mafuta. Kuli bwino kukhala ndi timabotolo tinai todzaza kusiyana ndi limodzi lalikulu lofika pakati. Mafakitale amapitikitsa mpweyawo ndi gasi wa nitrogen asanatseke. Ife amene tiribe gasi tingodzaza ndi kutseka zolimba, ndi kuleka cizolowezi cotsegula-tsegula kuti alendo anunkhize.

Kumene kulibe furiji, botolo liikidwe mu mtsuko wa mcenga wonyowa, pa ngodya ya mdima ya nyumba ya udzu. Nyumba ya malata masana ndi ng'anjo. Pa botolo palembedwe dzina la mbeu ndi tsiku lophika, pakuti mafuta a malalanje, a paini ndi a udzu wa mandimu amayamba kufooka pakatha caka cimodzi kapena ziwiri. Akakalamba amalemera, amamata, fungo limasanduka laukali, ndipo oterowo amayabwa ndi kutupitsa khungu.

Makolo amve ici. Mafuta amenewa si tiyi. Ndi amphamvu kwambiri kuposa tsamba limene anacokerako, ndipo supuni yaing'ono ya mafuta a bulugamu ingagonetse mwana m'cipatala, kapena kumupha kumene. Samwedwa, sapakidwa pakhungu osasakaniza ndi mafuta ena, ndipo amayaka akayandikira moto. Akhale pamene dzanja la mwana silifika.

DOTHI LA KABWE

Tsopano tibwerere ku Kabwe, cifukwa tauni imeneyi iri ndi cifukwa cace-cace comvetsera nkhaniyi. Miyala ya mtobvu ndi zinki inapezeka kuno mu 1902, pamene malowa anachedwa Broken Hill, ndipo mgodi unatsekedwa mu 1994. Mgodi unapita, koma mtobvu unatsala m'dothi ndi m'fumbi la makomboni oyandikana nao, monga Kasanda, Chowa ndi Makululu. Mtobvu ukalowa m'magazi a mwana umaononga bongo, ndipo mwana amabvutika kuphunzira. Mu 2016 World Bank inabvomereza ndalama zoposa madola 65 miliyoni za nchito yokonza malo oonongeka ndi migodi m'dziko muno, ndipo Kabwe anali pakati pa matauni olandira.

Mai wa ku Kasanda ali pa mphanda ya njira. Akasiya bwalo lace lopanda kanthu, mphepo ya August imanyamula fumbi kulowa nalo m'nyumba ndi m'mbale za ana. Akabzala repu kapena cibwabwa, ndiwozo zingatenge mtobvu, wina kucokera m'mizu, wina wa fumbi logwera pa masamba. Cofunika ndi mbeu imene iphimba dothi, yosadyedwa, koma yobweretsa kandalama.

Apa ndi pamene mphika wa nthunzi uonetsa ubwino wace. Mtobvu ndi citsulo colemera, ndipo suuluka ndi nthunzi ya madzi owira. Ku Bulgaria, pafupi ndi ng'anjo yosungunulira mtobvu ndi zinki ya kufupi ndi mzinda wa Plovdiv, katswiri wochedwa Valtcho Zheljazkov ndi anzace anayesa mbeu za fungo zolimidwa m'dothi loipitsidwa m'zaka za m'ma 1990. Anapeza kuti ngakhale zitsulozo zinalowa m'mizu ndi m'masamba, mafuta ophikidwa ndi nthunzi anaturuka osaipitsidwa. Kuno kwathu, akatswiri a University of Zambia pamodzi ndi a Hokkaido University ya ku Japan akhala akufufuza za mtobvu wa ku Kabwe, ndipo mu 2020 anafalitsa zotsatira za kuyesa udzu wa mandimu ndi manyowa a nkhuku pa dothi la kuno. Udzuwu uli ndi mizu yambiri yogwira dothi, umapirira cilala ukakhazikika, ndipo mbuzi siziukonda kweni-kweni.

Camba pa dothi lotere ndiye coopsya. Mbeu imeneyi idziwika kuti imayamwa zitsulo za m'nthaka, ndipo wosuta camba comera pafupi ndi mgodi angakokere mtobvu m'mapapu pamodzi ndi utsi. Mankhwala ocokera ku utomoni wace angatengenso zitsulozo. Ngakhale ciphaso citapezeka, wogula wa kunja amayamba wapima mankhwalawo, ndipo sangalandire camba ca mankhwala ca m'dothi la mtobvu.

Koma tisathamange. Mtobvu wosalowa m'botolo sunasowe. Watsala m'masamba ophikidwa ndi m'madzi a pansi pa mphika. Kwina konse alimi amayanika zotsalazo nasonkhera moto wa mphika wotsatira, kapena kudyetsa ng'ombe, kapena kupanga manyowa. Za m'dothi la mtobvu siziyenera kudyetsedwa ziweto, kuthiridwa m'dimba la ndiwo, kapena kutenthedwa pamene ana apuma utsi ndi kusewera ndi phulusa. Udzu wa m'malo amenewa usalowe mu tiyi. Polima, dothi liyambe lanyowetsedwa kuti fumbi lisabuke, ana akhale kutali, ndipo wolima asambe asanagwire nsima. Mafuta omwewo ayenera kukapimidwa asanagulitsidwe, cifukwa fumbi lingalowe pothira m'botolo. Nchito yotere m'makomboni a pafupi ndi mgodi iyenera kuyamba ndi uphungu wa a zaumoyo ndi alangizi a zaulimi. Alimi a kutali ndi mgodi, ca ku Chibombo, Kapiri Mposhi ndi kwina, alibe nkhawa zonsezi.

WOGULA ALI KUTI?

Mtolankhani wanu waona mbeu zambiri zimene zinadza ndi ng'oma, alimi nabzala, wogula osaoneka. Sitifuna kuti nkhani ino ibale misozi yotere. Msika wa mafuta a fungo ulipo, koma ndi wosankha. Wogula wamkulu amatenga dontho limodzi naliika m'makina amene amawerenga terpene ali yense ndi kucuruka kwace. Pa mafuta a udzu wa mandimu amayang'ana citral, amene ndiye mwini fungo la mandimulo, ndipo kawiri-kawiri amafuna kuti afike magawo 75 pa 100. Wothira palafini kapena mafuta ophikira kuti botolo lidzale amagwidwa tsiku lomwelo, naipitsa dzina la anzace onse. Wogulayo afunanso kuti mafuta a caka cino afanane ndi a caka camawa, ndipo ali ndi kwina kogula, pakuti dziko la India limaphika mafuta a udzu umenewu ambiri.

Kuti zingatheke m'maiko athu ano, umboni uli pafupi. Ku mapiri a Viphya ku Malawi, pa malo ochedwa Kawandama Hills, akhala akulima mtundu wa bulugamu wonunkhira mandimu, naphika masamba ace ndi nthunzi, ndipo mafutawo amapita ku England kukapangira mankhwala odzola opitikitsa udzudzu. Alimi a m'midzi yozungulira amagulitsako masamba ao. Cimene cinatsogola kumeneko ndi wogula. Mitengo inabzalidwa msika ulipo kale.

Kwa ife, poyambira pafupi ndi amai opanga sopo, makandulo ndi mafuta odzola m'matauni a m'njanji, amene ambiri a iwo agula fungo locokera kunja m'timabotolo todula. Munthu mmodzi sangakwanitse ciwiya ca citsulo cosacita dzimbiri, ndipo munda wace wokha sungacidyetse mwezi wonse, koma kopaletivu ya alimi khumi kapena makumi awiri ingathe, makamaka ngati iri pafupi ndi madzi, pakuti mwaco umamwa madzi ambiri. Nkhuni nazo ziwerengedwe bwino pasadakhale. Cigawo ca Pakati cataya kale mitengo yambiri ku makala, ndipo sikungakhale kwanzeru kutentha msuku ndi mutondo kuti tipeze botolo la fungo. Gulu lofuna nchitoyi libzale mitengo yace ya nkhuni caka comwe libzala udzu.

Wofuna kuyesa asayambe ndi hekitala. Udzu wa mandimu subzalidwa ndi njere koma ndi ziputu zong'ambidwa ku tsinde lakale, ndipo tsinde limodzi la kuseri kwa khichini lingapereke mbeu zambiri. Nthawi yace ndi pamene mvula yakhazikika, mu December, potalikirana ngati phazi limodzi ndi theka kapena awiri. Kudula koyamba kumadza pakatha miyezi inai kufikira isanu ndi umodzi, ndipo pambuyo pace miyezi iwiri kapena itatu iri yonse ngati pali cinyezi. Podula musiye cikhato cimodzi kucokera pansi kuti uphukenso. Munda umodzi umakhala zaka zinai kapena zisanu usanafune kubzalidwanso, ndipo mizere iwiri ya m'mphepete mwa dimba ikwanira kudzaza mphika woyamba woyesera.